Kwa aphungu athu: pokamba za ethanol, kambaninso za ana

Olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo,

Kalata iyi ndalembera nonse, koma makamaka inu a m'komiti yoona zachilengedwe, komwe nkhani za mafuta ndi magetsi zimafikira, inu a m'komiti yoona za chisamaliro cha anthu, ndi inu oimira madera olima nzimbe ku Nkhotakota, Salima ndi Chikwawa. Ku Lilongwe nkhani ya mafuta a galimoto mumaikamba m'chipinda china, ya ana m'chipinda chinanso, ndipo nduna zimene zimakuyankhani n'zosiyana. Kuno kwathu nkhani ziwirizi sizilekana. Chimene ndikupempha n'chimodzi: tsiku limene mudzavomereze lamulo kapena ndondomeko yokulitsa ntchito ya ethanol, mafuta ochokera ku nzimbe amene timasakaniza ndi petulo, m'menemo mudzakhale ndime zonena za ana, ndipo ndimezo zidzabwere ndi ndalama yake.

Musandiyese wodana ndi ethanol. Munthu amene anagonapo pamzere wa mafuta, kapena anagulapo petulo wa m'chigubu pamtengo wowirikiza, sanganyoze lita imodzi yopangidwa ku Dwangwa. Lita imeneyo siifuna madola, ndipo siyembekezera sitima ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam. Ntchitoyi tinaiyamba kale, mu 1982, pamene fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, patangopita zaka ziwiri anzathu a ku Zimbabwe atayamba yawo ku Triangle. Nthawi imeneyo mafuta anali atakwera mtengo padziko lonse, ndipo posakhalitsa nkhondo ya ku Mozambique inatitsekera njanji zopita kunyanja. Mu 2004 PressCane inayamba ntchito ku Chikwawa. Cholinga cha boma chakhala choti pa malita 100 alionse amene timathira m'galimoto ya petulo, 20 akhale a ethanol. Nthawi zambiri sitifikapo.

Chifukwa chake mukuchidziwa, koma ndichinene chifukwa ndi pamene nkhani ya ana ikuyambira. Mafakitale awiriwa amadalira molasesi, madzi okhuthala akuda aja otsala popanga shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Molasesi ndi wochepa, ndipo mvula ikayamba, zigayo za nzimbe zikaima, nayenso amasiya kutuluka. Tani imodzi ya nzimbe ikapangidwa shuga imasiya molasesi wokwanira kutulutsa ethanol pafupifupi malita 10 okha. Tani yomweyo mukaifinya yonse kuti madzi ake akapange ethanol, imatulutsa malita oposa 70. Choncho aliyense amene adzabwere kwa inu ndi mapepala okongola onena zoti tichulukitse ethanol, akunena za minda yatsopano ya nzimbe, kaya walemba zimenezo patsamba loyamba kaya wazibisa kumapeto. Ngalande yaikulu ya mthirira imene ikukumbidwa kuchokera ku Kapichira kutsikira m'chigwa cha Shire idzangowonjezera chilakolako chimenechi.

Minda yatsopanoyo idzachokera kwa anthu. Banja likalowetsa malo ake mu sikimu ya nzimbe limasiya kukolola mapira ndi chimanga pamalopo, n'kumayembekezera ndalama ya gawo lake. Zimenezi zikhoza kuyenda bwino. Alimi a Phata ku Chikwawa, amene anaphatikiza minda yawo kuyambira mu 2011, anasiyako malo olimapo chakudya, ndipo ambiri amawatchula ngati chitsanzo. Zikhozanso kuvuta: a Kasinthula anakhala zaka zambiri akulimbana ndi ngongole imene anayambira ntchito. Ku Chisumbanje, ku Zimbabwe, fakitale ya ethanol inabwera ndi mikangano ya malo imene yatenga zaka. Koma funso limene sindinamvepo likufunsidwa m'nyumba yanuyo ndi ili: pa tsiku lolemba maina a eni minda, mwana wamasiye amalembedwa ndi ndani? Bambo ake anamwalira, mayi ake anakwatiwa kwina, munda akulima ndi amalume kapena abambo aang'ono. Pamene mundawo unkatulutsa matumba angapo a mapira, palibe ankaulimbirana. Ukasanduka gawo lolandirira ndalama chaka ndi chaka, achibale amene sanabwere n'kumaliro komwe amatulukira. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, ndipo lamulo la malo a m'midzi la 2016 limalola kulembetsa malo. Chosowa n'chakuti malamulo a masikimu anene poyera kuti gawo la mwana wamasiye lilembedwe m'dzina lake, wa zachisamaliro cha anthu alipo ngati mboni, ndipo womusunga azionetsa kumene ndalamayo yapita mpaka mwanayo atakwanitsa zaka 18. Ndi ndime imodzi yokha imeneyo, yosalira ngakhale tambala.

Kabweredwe ka ndalama ya nzimbe nakonso muyenera kukaganizira. Imabwera yambiri nthawi imodzi, kenaka zii kwa miyezi. Pakati pa miyezi imeneyo pamakhala wa katapila, amene amasunga khadi la ku banki la mlimi, pena ndi chiphaso chomwe. Ndalama ikamatuluka imapeza ili ndi mwini kale. Amene analemba lamulo la ana la 2010 anaikamo ndime yoletsa kupereka mwana ngati chikole cha ngongole, ndipo sanailembe posewera. Mtsikana wa sitandade 7 amene mwadzidzidzi "wapita kukathandiza ntchito zapakhomo kwa achibale" nthawi zina amakhala wapita kukabweza ngongole ya bambo ake.

Za ana ogwira ntchito, fodya anatiphunzitsa kale, ndipo sukulu yake inali yodula. Mu November 2019 a kasitomu a ku America analamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko awo chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi kukakamiza anthu ntchito. Mu 2021 inu nomwe munasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Tinachita zimenezo wogula atatikwiyira kale. Pa nzimbe tili ndi mwayi woyamba ife. Lamulo la ntchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo kuyambira mu 2012 pali mndandanda wa ntchito zoopsa zimene wosakwana zaka 18 sayenera kugwira. Vuto silikhala pa geti la kampani yaikulu, pomwe munthu salowa popanda chiphaso. Limakhala pa munda wa mlimi wamng'ono, pomwe ganyu wopalira amapimidwa ndi mizere. Bambo amatenga mizere yoposa mphamvu zake chifukwa akudziwa kuti ana ake awiri abwera kudzamuthandiza. Anawo sanalembedwe m'buku lililonse, salandira kanthu m'manja, ndipo woyendera za ntchito atabwera angauzidwe kuti angobweretsa phala. Mphunzitsi yekha ndi amene amadziwa, chifukwa poitana maina m'mawa amaona mipata. Mukamapereka chilolezo cha sikimu yatsopano, bwanji osalamula kuti kaundula wa sukulu zoyandikana nayo aziunikidwa teremu iliyonse, komiti ya sikimu ndi aphunzitsi akuluakulu atakhala pamodzi?

Brazil, amene aliyense wokamba za ethanol amamutchula, anadutsa momwemu. Anayamba ndondomeko yake yaikulu ya ethanol mu 1975, ndipo kwa zaka zambiri ana ankagwira zikwanje m'minda ya nzimbe kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo. Mu 1996 boma lawo linayambitsa ndondomeko yotchedwa PETI, yomwe inayambira kwa ana ootcha makala n'kufalikira ku minda ya nzimbe ya ku Pernambuco. Banja linkalandira ndalama mwezi ndi mwezi malinga mwana achoke kumunda apite kusukulu, ndipo akaweruka ankatsalira pasukulupo masana onse, kuti asapeze mpata wobwerera ku mizere. Mukamapita kukaphunzira za magalimoto oyendera ethanol, mbali iyi muzikafunsanso.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. Molasesi yemweyo amene amatulutsa ethanol wosakaniza ndi petulo amatulutsanso spiriti wopangira mowa waukali. Ndi malonda ololedwa, ndipo sindikuloza chala fakitale iliyonse. Ndikunena za kumene spirityo amakathera akachoka m'manja mwa opanga mowa. Mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti, eni ake anathamangira kukhoti, mapeto ake masacheti anasowa m'maso. Mowawo sunasowe. Unalowa m'timabotolo ta pulasitiki ndi m'zigubu za malita 5, zimene wogulitsa amabisa pansi pa benchi. Pitani pamsika uliwonse wa kuno dzuwa likupendeka mudzaone. Pa benchi pali machesi, sopo wodula zidutswa, timapaketi ta mchere. Pakubwera mnyamata, malaya a yunifolomu wawapinda m'chikwama, watsala ndi kabudula yekha womuulula. Sanena kanthu, angoika ndalama pa benchi. Wogulitsa akuwerama, akuthira m'kachivundikiro ka botolo, mnyamatayo akumeza kamodzi, akupukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, akuyamba kutafuna nzimbe kuti fungo lisamveke kunyumba. Zonsezi zatha munthu asanamalize kupereka moni. Ndalama imene wapereka siingagule ngakhale botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo kuyambira mu 2017 tili ndi ndondomeko ya dziko yokhudza mowa. Koma mowa umene anthu anaupatsa dzina loti "ambuye n'tengeni" unapha anthu ku Blantyre mu 2024, ndondomekoyo ilipo. Pa nkhani iyi muli ndi mphamvu imene ife tilibe, yoitanitsa nduna ndi akuluakulu a bungwe loona za mafuta ndi magetsi la MERA, a bungwe lotolera misonkho la MRA ndi a bungwe loona za miyezo kuti ayankhe pamaso pa anthu. Afunseni kuti chaka chilichonse malita angati apita ku petulo, angati apita ku mowa, ndipo ogula spirityo ndi ndani. Afunseni ngati mtengo umene amaika pa ethanol wa m'galimoto sukupangitsa kuti kugulitsa kwa opanga mowa kukhale kokoma kuposa. Ngati molasesi ndi wochepa monga tikuuzidwa, ndiye kuti dziko likusankha tsiku ndi tsiku pakati pa thanki ya ambulansi ndi kachivundikiro ka mnyamata uja, ndipo chisankho chotere sichiyenera kusiyidwa kwa ogulitsa okha. Spiriti aliyense wosapangira zakumwa azithiridwa mankhwala owawitsa asanatuluke pa geti, ndipo wopangira zakumwa azitsatidwa kuchokera pa tankala mpaka pa botolo.

Ena adzakuuzani kuti mbaula za ethanol zidzapulumutsa ana ku utsi wa nkhuni ndi makala. Mwina. Koma kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga, zotsatira zake n'kutuluka mu 2016, anapeza kuti mbaula zamakono za nkhuni, zotulutsa utsi wochepa, sizinachepetse chibayo mwa ana aang'ono. Sizinali za ethanol, n'zoona, koma zikutichenjeza kuti tiyese kaye tisanalonjeze. Malonjezo a mafuta a m'munda anatipwetekapo kale. Zaka za m'ma 2000 zikupita kumapeto, alimi ambiri analimbikitsidwa kubzala msatsimanga m'malire a minda kuti mbewu zake zidzapange dizilo. Lero mitengo yambiri ndi mpanda wotchinga mbuzi basi, ndipo mbewu zake, zimene zimakoma ngati mtedza, zimatsegula m'mimba ndi kusanzitsa ana amene azitola. Ndipo poti tikunena za ana osewera paliponse: pa lita iliyonse ya ethanol fakitale imatulutsa malita oposa 10 a madzi akuda onunkha. Chilolezo chilichonse chatsopano chizinena kumene madziwo adzasungidwe, kutali bwanji ndi mjigo ndi mtsinje umene ana amasamba, ndi chimene chidzachitike madzi osefukira akadzabwera monga anabwerera ndi namondwe wa Freddy mu March 2023.

Kunena zoona, malamulo a ana tili nawo abwino. Lamulo losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la 2010 linabweretsa makhoti a ana, linalola kuti mwana wopalamula mlandu waung'ono asapite kukhoti koma athandizidwe kumudzi, linafotokoza za kulera mwana wa wina, ndipo linapatsa makhonsolo udindo woyang'anira ana a m'madera awo. Litatuluka linkati mwana ndi wosakwana zaka 16; mu 2017 munasintha malamulo aakulu a dziko kuti zikhale 18, ndipo munachita bwino. Lamulo lotengera mwana kukhala wako ndiye la 1949, la nthawi ya atsamunda, lolembedwa kusanabwere Edzi, kusanabwere nyumba zosungira ana amasiye zimene zadzaza dziko lino. Limeneli likukudikirani.

Koma lamulo siliyenda lokha, limafuna munthu wokwera njinga. Nthawi ina kwathu kuno kunali nkhani ya mtsikana wa pulayimale amene anapezeka ndi pathupi, womuchimwirayo ali munthu wamkulu wa ndalama zake. Amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu anaimbira foni ku ofesi yoyenera. Amene anayankha anali munthu wabwino, wodziwa ntchito yake, ndipo anayankha mwaulemu kuti njinga yamoto ilipo koma ilibe mafuta, ndalama za mwezi umenewo sizinabwere. Tinasonkherana, wina ya tomato, wina ya mandasi, mpaka inakwana yoti abwere ndi kubwerera. Pamene ankafika, achibale a mbali ziwirizo anali atakambirana kale "zapachiweniweni", mbuzi itasintha khola. Tsiku lonselo matankala a mafuta ankadutsa pamsewu. Sindikuimba mlandu wogwira ntchitoyo, kapena ofesi yake. Bajeti mumavomereza ndinu.

Kusowa kwa mafuta a njinga imodzi kumakhudza zambiri. Malinga ndi malamulo athu mwana wa zaka 10 akhoza kuimbidwa mlandu. Mnyamata wogwidwa akusolola nzimbe pa thirakitala, zimene ana akuno amachita nyengo yodula iliyonse moika moyo pachiswe, amayenera kuonedwa ndi wa zachisamaliro cha anthu kuti nkhani yake ithere panjira. Woonayo akapanda kufika, mwana amagona m'chitokosi. Malo osinthira khalidwe la ana odziwika bwino ndi Chilwa ku Zomba ndi Mpemba ku Blantyre, onse kumwera. Mwana wa ku Nkhotakota akatumizidwa kumeneko, amayi ake amuona liti? Nambala ya 116 imalandira madandaulo usiku ndi usana, koma woyankha foni sangakwere basi kudzachotsa mwana m'nyumba ya womuzunza. Ogwira ntchito yoteteza ana m'midzi ambiri ndi ongodzipereka. Agogo amene akulera zidzukulu zisanu ndiwo akugwira ntchito yeniyeni ya lamulo la 2010, osalidziwa n'komwe, ndipo thandizo lawo lalikulu ndi Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo mpaka lero mbali yaikulu ya ndalama zake imachokera kwa abwenzi akunja. Tinaona mu 2025, America itadula thandizo lake, momwe ntchito zothandiza ana zimaimira usiku umodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi osakwana zaka 18. Pa 16 June chaka chilichonse timamva pa wailesi kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndikanakonda kumva mwambi umenewu pa tsiku lokambirana bajeti.

Mudzandifunsa kuti ndalama ichokera kuti. Mu mtengo wa lita ya petulo muli kale timisonkho tosiyanasiyana: ka misewu, ka magetsi a kumidzi, ka thumba lokhazikitsa mitengo, ndi tina. Sindikupempha kuti muwonjezere kena. Wa kabaza ndi wa minibasi atopa, ndipo chilichonse chowonjezera pa petulo chimakathera pa mtengo wa chimanga. Ndikunena za msonkho umene boma limatolera kale pa mowa waukali. Dulanipo gawo, lilembeni m'lamulo kuti nduna ya zachuma isamalisunthe, lizipita molunjika ku maofesi a zachisamaliro cha anthu m'maboma, poyambira ndi mafuta a njinga ndi malipiro a oteteza ana a m'midzi. A zachuma adzakana, adzati ndalama zonse zizilowa m'thumba limodzi. Akumbutseni kuti za misewu anazipatula, ndipo dziko silinagwe. Komanso sikimu iliyonse yatsopano ya nzimbe, popempha malo ndi madzi, izionetsa pa pulani yake sukulu ya mkombaphala yodyetsa ana phala, ndi malo olimapo chakudya amene sadzasandutsidwa nzimbe mtengo wa shuga ukakwera.

Izi siziyembekezera kuti boma libweretse bilu. Lachinayi ndi tsiku lanu aphungu wamba lobweretsa mfundo zanu. Mmodzi wa inu aimirire apemphe kuti makomiti awiri aja akhale pansi pamodzi, ndipo msonkhano wake usakachitikire ku hotela ya kunyanja. Ukachitikire ku Dwangwa kapena ku Nchalo, sabata imene anthu alandira. Muitane aphunzitsi akuluakulu abwere ndi makaundula awo, amayi a magulu a pasukulu, apolisi a ku ofesi yothandiza ozunzidwa, mafumu, alimi a m'masikimu, ndi akuluakulu a mafakitale omwe. Mukamaliza, musathamangire magalimoto. Yendani wapansi pamsika cha m'ma 5 koloko, opanda apolisi okuperekezani, muyang'ane pansi pa mabenchi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma, wokhala kudera lolima nzimbe